Makalata a Omvera: Za Richard Sorge, Mtolankhani Amene Anali Kazitape

Moni nonse kulikonse kumene mukutimvera. Sabata yatha tinakamba za Richard Sorge, mtolankhani wa ku Germany amene ankalembera nyuzipepala ya Frankfurter Zeitung ali ku Tokyo, kwinaku akutumiza zinsinsi ku Moscow. Makalata abwera ambiri, ndasankhapo atatu.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Ntcheu, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Akuti: "Achimwene, nkhani ija yandisowetsa tulo. Munthu angakhale bwanji zaka zonsezo pakati pa Ajeremani, akudya nawo mbale imodzi, osamutulukira? Kodi anali ogona choncho?"

Zikomo bambo. Sanali ogona ayi, munthuyo ndiye anali ndi zonse zomuyenereza kukhulupiriridwa. Anabadwa mu 1895 kufupi ndi mzinda wa Baku ku Azerbaijan, bambo ake Mjeremani, mayi ake a ku Russia, koma anakulira ku Berlin. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse anamenyera Germany, anavulala miyendo mpaka ankayenda motsimphina moyo wake wonse. Ndani angakayikire msilikali wakale wokhala ndi zipsera? Anthu sankadziwa kuti ali m'chipatala muja mtima unatembenuka, ndipo mu 1919 analowa chipani cha Komyunizimu.

Atafika ku Japan mu 1933 analowanso chipani cha Nazi kuti chikhale chofunda chake. Koma chimene chinamutsegulira makomo kwenikweni ndi utolankhani wake, womwe sunali wachiphamaso. Ankawerenga mbiri ya Japan, ankadziwa za ulimi ndi ndale za dzikolo kuposa akuluakulu a ku ofesi ya kazembe. Eugen Ott, msilikali amene anadzakhala kazembe wa Germany mu 1938, ankamuonetsa makalata achinsinsi kuti amve maganizo ake. Ndiye onani bambo, Sorge sankathyola loko. Ankachita kumupatsira m'manja. Ngakhale Josef Meisinger wa Gestapo, apolisi achinsinsi a boma la Nazi, amene anauzidwa kuti amufufuze, anangosanduka mnzake womwera naye mowa.

Mowa womwewo unatsala pang'ono kumuulula. Mu 1938 anawomba khoma ndi njinga yamoto usiku ataledzera, mapepala achinsinsi ali m'thumba. Mnzake Max Clausen, amene ankatumiza mauthenga pa wailesi yobisika, anathamangira kuchipatala n'kuwatenga apolisi asanawaone.

Kalata yachiwiri ndi ya mtsikana amene akuphunzira utolankhani ku Blantyre. Akuti: "Munamutamanda kwambiri munthuyu. Kwa ine ndi wachinyengo amene anaipitsa ntchito yathu. Mtolankhani akakhala kazitape, ena onse amaoneka akazitape."

Chemwali, apa mwalasa. Sindikukutsutsani. Mtolankhani amaloledwa kufika pamene ena safika chifukwa anthu amakhulupirira kuti zimene waona akauza dziko lonse poyera. Sorge anagulitsa chikhulupiriro chimenecho, ndipo sanali yekha: m'gulu lake munali Branko Vukelić wa bungwe la nkhani la Havas, komanso Hotsumi Ozaki, yemwe anali mtolankhani wa Asahi Shimbun asanakhale mlangizi wa nduna yaikulu ya Japan, Konoe. Fisi akadya mbuzi atavala chikopa cha galu, agalu onse m'mudzi amalawa chibonga.

Komabe ndisabise, mtima wanga sufuna kumuponya kudzala. Amene ankawanamizawo anali boma la Hitler. Mu May ndi June 1941 anachenjeza kuti Germany yatsala pang'ono kuukira Soviet Union, Stalin, mtsogoleri wa dzikolo, sanamvere, ndipo pa 22 June nkhondo inabuka. Mu September chaka chomwecho anatumiza uthenga wakuti Japan siukira kuchokera kum'mawa, maso ake ali kumwera. Uthengawu unali umodzi mwa zimene zinalimbitsa mtima akuluakulu a ku Moscow kusamutsa asilikali a ku Siberia, amene anathandiza kubweza Ajeremani pakhomo pa mzindawo mu December. Kumutcha ngwazi ndingavomere, koma kumutcha chitsanzo cha mtolankhani, toto. Musatengere.

Yomaliza ndi yaifupi, ya mayi wina wa ku Chipata: "Nanga amene ankawagwirira ntchitowo anamupulumutsa? Anali ndi banja?"

Mayi, anamutaya ngati chikwangwa cha nzimbe. Anamangidwa pa 18 October 1941, patangopita masiku ochepa Ozaki atagwidwa. Anakhala zaka zitatu m'ndende ya Sugamo, Moscow ili chete ngati sikumudziwa. Onse awiri ananyongedwa pa 7 November 1944, tsiku lomwe dziko la Soviet Union linkakondwerera kulanda boma kwa Akomyunizimu. Mkazi wake wa ku Russia, Ekaterina Maksimova, anamangidwa ndi boma lomwelo limene mwamuna wake ankalitumikira, ndipo anamwalira ku Siberia mu 1943. Ulemu wa ngwazi ya dziko anamupatsa mu 1964, patatha zaka 20.

Amene anamulira ndi Hanako Ishii, mayi wa ku Japan yemwe anali bwenzi lake. Nkhondo itatha anavutika kufunafuna pamene anamukwirira, mpaka anapeza mafupa ake n'kukawaika bwino kumanda a Tama ku Tokyo. Mayiyu anamwalira mu 2000, ndipo anamuika m'manda omwewo.

Nthawi yatithera. Amene makalata anu sanawerengedwe musadandaule, ali pano patebulo, tidzayamba ndi anu sabata yamawa.