Kodi wolakwiridwa ali ndi mawu pa chilango cha womulakwira?

Owonera athu, amene munakhalapo m'bwalo la majisitireti pa Boma pano pa Mangochi mukudziwa momwe mlandu umathera. Woweruza akangonena kuti woimbidwa mlandu wapezeka wolakwa, wapolisi woimira boma amapempha chilango chokhwima, kenako wolakwayo amapatsidwa mpata wodandaula kuti n'koyamba kupalamula, kuti ali ndi ana aang'ono, kapena kuti amasamala makolo okalamba. Wolakwiridwa nthawi zambiri amakhala atabwerera kale kumudzi, poganiza kuti mbali yake inatha tsiku limene anapereka umboni.

Komatu lamulo lathu silinamutsekere pakamwa. Magawo 260 ndi 321J a lamulo la kayendetsedwe ka milandu ya upandu ndi umboni, monga linakonzedwera mu 2010, amalola bwalo kulandira umboni wochokera kwa wolakwiridwa kapena womuimira lisanapereke chilango, kuti lione kukula kwa cholakwacho. Vuto n'lakuti lamulolo likungololeza, silikukakamiza, ndipo apa ndi pamene pagona mtsutso.

Taganizirani msodzi wa ku Makanjira amene wakuba amuzulira injini ya boti usiku. Pa chikalata cha mlandu pamalembedwa mtengo wa injiniyo basi. Sipalembedwa kuti chilimira chakhala pamtunda nyengo yonse ya usipa, kuti alovi ake abalalika kukafuna ganyu kwa ena, kapena kuti ngongole imene anagulira injiniyo ikumudikirabe. Ofuna kuti lamuloli lisinthe akuti woweruza amene sanamve zimenezi wamva theka la mlandu.

Otsutsa nawo ali ndi mfundo yosayenera kuipeputsa. Anthu awiri oberedwa mofanana sangafotokoze ululu wawo mofanana: wina ndi wophunzira wodziwa kuyala nkhani, wina ndi mayi wa ku Namwera amene akulankhula Chiyao kudzera mwa womasulira, uku akunjenjemera chifukwa n'koyamba kulowa m'khothi. Kodi akuba awiriwo alandire zaka zosiyana chifukwa cha kusiyana kwa malilime a owadandaulira? Choopsa china, chimene ine ndimachiona kukhala chachikulu kwathu kuno, n'chakuti pa milandu yogwirira ana wolakwa amakhala wachibale nthawi zambiri, ndipo banja likhoza kuumiriza mwana kunena kuti wakhululuka.

Ngakhale ku America nkhaniyi inawazunguza. Bwalo lawo lalikulu linakana umboni wotere pa milandu ya chilango cha imfa mu 1987, n'kudzauvomera mu 1991 pa mlandu wa Payne ndi boma la Tennessee. Ku England, kumene ndondomekoyi inayamba mu 2001, wolakwiridwa amafotokoza momwe wavulalira, koma maganizo ake pa kutalika kwa chilango bwalo siliwatsata. Malire amenewa ndi amene ifenso tiyenera kuwagwiritsitsa.

Kuno kwathu taonapo kale phindu la kumva zambiri chilango chisanaperekedwe. Pa mlandu wa Kafantayeni mu 2007, Bwalo Lalikulu linagamula kuti kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, popanda kumva zomuchepetsera chilango, n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Kuyambira mu 2015 akaidi otere anayamba kuweruzidwanso, ndipo othandiza pa zamalamulo anayenda m'midzi kukatenga umboni kwa achibale ndi mafumu, kotero kuti ambiri anatulutsidwa.

Ntchito ija inatheka chifukwa panali anthu opita kumudzi ndi cholembera. Ngati tikufuna kuti mawu a wolakwiridwa azimveka pa mlandu uliwonse, kusintha kwa lamulo kuyenera kutchula woti akawatenge, kaya ndi apolisi a nthambi yothandiza ozunzidwa kapena alangizi a zachisamaliro cha anthu, kuti azilembedwa m'chilankhulo cha mwiniwake, achibale a wolakwa palibe, ndiponso kuti woimbidwa mlandu aziloledwa kutsutsa zimene akuona kuti n'zabodza.