Chingwe chaduka koma madzi alimo

Mwadzuka bwanji abale anga. Masalimo 139:4 paja mumaidziwa, asanafike mawu pa lilime langa, Yehova muwadziwa onse. Lero chonde tisathamangire kuyankhula, tiyambe tamvetsera kaye.

Ine wiki ino yandivuta ndisaname. Mayi anga chiwagwireni sitiroko mwezi watha dzanja lamanja silikugwira ndipo mawu anathawa. Lachiwiri m'mawa amafuna chinachake, akulozaloza, pakamwa pakungotuluka ii ii, ine kubweretsa madzi ayi, chitenje ayi, mpaka ndinakalipa kuti mayi nenani chimodzi inenso ndatopa. Iwo misozi mbwee. Kani amangofuna ndiwasendezere wailesi pafupi amvere mapemphero.

Adokotala anatiuza kuti mwa anthu ambiri zoyankhula zimagwiridwa ndi mbali ya kumanzere ya ubongo, yomweyonso ndi imene imayendetsa dzanja lamanja, nchifukwa chake zinapitira limodzi. Koma nzeru zawo zilipo. Madzi m'chitsime alimo, chaduka ndi chingwe cha ndowa basi. Ndiye ine ndinaima pamwamba nkumanyoza chitsime kuti chauma.

Mawuwa ndi ndowa chabe abale. Dziko lapansi lili ndi zilankhulo pafupifupi 7,000, ndowa zosiyanasiyana ina yachitini ina yapulasitiki koma zonse zotungira za mumtima. Ku Nicaragua m'ma 1980 ana osamva atawasonkhanitsa pasukulu ku Managua anapanga okha chilankhulo cha manja popanda wowaphunzitsa, madzi akakhalapo chotungira chimapezeka ndithu. Nanga inu amene chingwe chanu chili bwinobwino mukutunga chani? Enafe m'gulu muno ndowa imatsika mothamanga nkubwera ndi matope okhaokha, woyamba ndine. Tatiyeni tidekhe, timvetsere kaye.

Hana uja wa m'Baibulo popemphera milomo imangogwedera mawu osamveka, wansembe Eli nkumati mayiyu waledzera. Lachiwiri lija Eli ndinali ine. Koma Yehova sadikira chingwe ayi, amaona mpaka pansi penipeni pa chitsime, za wailesi zija anali atazimva kale ine ndikadali pa chitenje.

Dzulo ndikutsuka mbale ndinangoyamba nyimbo ina ya ku Mvano, mayi nkuilandira, mawu onse bwinobwino mpaka kumapeto, munthu woti dzina langa sakutha kulitchula. Ndinangokhala pansi pakhonde mbale ili m'manja thovu lili chuchuchu.

Phala lawo lapsa, ndikawadyetse lisanazizire. Mutikumbukire m'mapemphero.