Uthenga wochokera ku Johannesburg: mawu a m'phunziro la Chichewa amene akumuvuta mwana

Achemwali, ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu. Ndamva dandaulo lanu lakuti mwana wathu wa Fomu 4 akuloweza matanthauzo a mawu a m'phunziro la nkhani za mchezo ndi zolembedwa, koma akapatsidwa funso amasowa poyambira. Popeza mayeso a MSCE akuyandikira, ndikupemphani kuti mumuitane akhale nanu pakhonde, mumvere limodzi uthengawu.

Ayambe waika kaye kope pansi, atenge nthano imene agogo ankatisimbira titazungulira moto, ya chitsime chimene nyama zinakumba m'chaka cha chilala, Kalulu atakana kugwira nawo ntchito. Pafupifupi mawu onse amene akumuvutawo ali m'nthano imeneyi. Kalulu, Fulu, Njovu ndi Fisi ndi ampangankhani, ndipo Kalulu ndiye mwininkhani chifukwa zochitika zonse zikuzungulira pa iye, ngakhale kuti khalidwe lake ndi loipa. Apa ana ambiri amaphonya, poganiza kuti mwininkhani ayenera kukhala wabwino nthawi zonse. Kutchire kuja ndi nyengo ya chilala ija ndizo malo ndi nthawi. Usiku umene Kalulu anamatirira pamsana pa Fulu, atamenya ndi dzanja, kenaka ndi mwendo, mpaka ziwalo zonse zitakanirira, ndiwo pampondachimera, chifukwa kuyambira pamenepo nkhani imayamba kutsetsereka kupita kumathero.

Chimene ndikufuna kuti agwiritsitse kwambiri ndi kusiyana kwa tsatanetsatane wa nkhani ndi mfundo yaikulu. Funso likafuna mfundo yaikulu, iye n'kuyamba kulemba kuti kunali chilala, nyama zinakumba chitsime, Kalulu anakana, ndiye kuti wangobwereza nthano ndipo wochonga sapeza pomupatsira malikisi. Atchule mfundoyo mwachidule, monga ulesi kapena chinyengo, kenaka apereke umboni wochokera m'nkhanimo, wakuti Kalulu ankanyengerera alonda ndi uchi kuti awamange n'kutunga madzi amene sanawakhetsere thukuta. Chimodzimodzi akafunsidwa za khalidwe la mpangankhani: mawu akuti "wochenjera" paokha ndi osakwanira popanda chimene mpangankhaniyo anachita.

Pa ndakatulo, asamasokoneze mlakatuli ndi woyankhula. Bambo wa ndevu zake akhoza kulemba ndakatulo imene mukulira mayi wamasiye amene walandidwa katundu ndi abale a mwamuna wake. Wolembayo ndi mlakatuli, koma woyankhula ndi mayi uja. Ine ndinalakwitsapo zimenezi ndili pasukulu, ndipo cholembera chofiira cha aphunzitsi chinadutsa tsamba lonse.

Za zining'a ndi mikuluwiko, inuyo achemwali ndinu mphunzitsi woposa buku, chifukwa mumaziyankhula tsiku ndi tsiku osazindikira. Mukanena kuti "ndakutsina khutu", chimenecho ndi chining'a, mawu ochepa amene tanthauzo lake ndi lobisika. Mukanena kuti "chala chimodzi sichiswa nsabwe", umenewo ndi mkuluwiko, chiganizo chathunthu chokhala ndi malangizo. Mukati nyumba yangoti zii, kapena kunja kwada bii, mwagwiritsa ntchito mvekero. Muzimufunsa mwadzidzidzi pamene mukusenda mbatata kuti mawu amene mwangotulutsawo ndi a mtundu wanji.

Akatha za Kalulu, achite chimodzimodzi ndi nkhani iliyonse ya m'mabuku amene aphunzitsi ake anawapatsa, tsamba limodzi pa nkhani imodzi. Masambawo muwajambule ndi foni n'kunditumizira pa WhatsApp Loweruka madzulo, popeza Lamulungu sindipita kuntchito ndipo ndidzakhala ndi mpata wowachonga. Ndalama ya mayunitsi ndatumiza kale pa nambala ya alamu.