Filimu yathu isanapite ku Zanzibar, tikonze izi

Mwaswera bwanji nonse a m'gulu muno? Ndikujambula uthengawu ndili ku Katoto, mvula yangokata kumene, ndiye mukamva madontho padenga mundikhululukire. Filimu yathu ija ndaionera katatu usiku wathawu. Nkhani yake yandigwira mtima, ndipo achemwali amene asewera ngati wogulitsa nthochi pa depoti aja agwira ntchito yotamandika. Ndikufuna ipite ku Zanzibar International Film Festival. Chikondwerero chimenechi chimachitika chaka ndi chaka ku Stone Town, chinayamba mu 1998, ndipo mphoto yake yaikulu ndi Golden Dhow. Koma mmene filimuyi ilili panopa, siinapse. Tengani cholembera.

Choyamba, ndipo ichi chiyambe lero lomwe: wina asaiike pa YouTube kapena pa Facebook, ngakhale kuipatsira mnzake pa foni. Zikondwerero zambiri zimafuna filimu imene siinafalikire pa intaneti, ndipo akaipeza kuti ili kale poyera akhoza kuikana ngakhale ili yokoma chotani. Ngati mtima ukukuyabwani, dulani kachidutswa ka masekondi 30 kotsatsira, basi.

Tsopano nkhani imene yandisowetsa tulo ndi ya mawu. Chithunzi chikakhala chodera pang'ono anthu amapirira, koma akalephera kumva zimene munthu akunena amasiya kuonera. Pa gawo la m'nyumba ku Chibavi lija, mvula ikugunda malata moti mawu a mayi aja amira. Pa gawo la pamsika, njinga zamoto za kabaza zikulira pamwamba pa mawu a mwana. Ndiye achimwene amene muli ndi maikolofoni, muwaitane osewera awiriwo, mulowe nawo m'chipinda chokhala ndi siling'i, mutchinge mawindo ndi mabulangete, mupachikenso ena m'makoma. Aonere gawolo pa laputopu, kenaka abwereze mawu awo mogwirizana ndi milomo, chiganizo chimodzi chimodzi. Maikolofoni ikhale pafupi ndi pakamwa, osati pa kamera. Mukamaliza mupitenso kunyumba ya ku Chibavi ija tsiku lopanda mvula, aliyense akhale chete, mujambule phokoso la chipindacho kwa mphindi imodzi. Limenelo mudzaliyala pansi pa mawu atsopanowo kuti asamveke ngati omata. Mvetserani ndi mahedifoni, kenaka pa sipika ya foni wamba. Zikamveka bwino ponseponse, ndiye kuti zatheka.

Nyimbo ija ya kumapeto ichoke, pokhapokha mwini wake atilembere kalata yotiloleza, yosainidwa. Kungovomera pakamwa sikukwanira, chifukwa pa fomu tidzasaina kuti zonse za mufilimuyi tili nazo ndi chilolezo. Amene ali ndi mafunso pa za umwini afunse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso zina m'Malawi muno. Osewera onse asainenso, ndipo wa mwana uja asaine ndi kholo.

Mawu olembedwa pansi pa chithunzi akhale a Chingerezi, chifukwa oweruza sadziwa Chichewa kapena Chitumbuka. Koma chonde, Chitumbuka cha agogo aja musachichotse, mpamene pagona kukoma kwa filimuyi. Womasulira akhale munthu wodziwa zilankhulo zonse zitatu, mizere isapitirire iwiri pa nthawi imodzi, ndipo mwambi musaumasulire liwu ndi liwu, perekani tanthauzo lake. Musunge payokha fayilo ya mawu olembedwawo, ija amaitcha SRT.

Zotumiza zija nzosavuta. Mutsegule akaunti pa FilmFreeway, tsamba la pa intaneti lotumizirapo mafilimu ku zikondwerero, muike filimu ya MP4 ya 1080p, zithunzi zitatu zowala bwino, positala, ndi chidule cha nkhani m'ziganizo ziwiri kapena zitatu. Muwerenge malamulo a chaka chino patsamba la chikondwererocho, makamaka za kutalika kwa filimu yaifupi ndi tsiku lotsekera. Kukweza fayilo muchite usiku netiweki ikapepuka, laputopu ili yodzaza moto, ndipo osadikira tsiku lomaliza. Ine zinandionekera, magetsi anazima fayilo ili pakati, ndipo pamene amayaka nthawi inali itatha. Ngati pali ndalama yolembetsera, imakhala ya madola, ndiye tilembe kalata yaulemu yopempha kuti atichotsere, tifotokoze kuti ndife gulu la achinyamata a ku Mzuzu lodzilipirira lokha. Ena amavomera.

Wina anandifunsa dzana kuti kodi Mmalawi angawine kunja? Mayi Joyce Mhango Chavula anatenga mphoto ya filimu yabwino ya kummwera kwa Africa pa AMVCA, mwambo wopereka mphoto za mafilimu a mu Africa, ku Lagos mu 2016, ndipo bambo Shemu Joyah anatenganso yomweyo mu 2018. Ngakhale tisawine, kungosankhidwa kokha kumatipatsa chizindikiro choika pa positala, ndipo chimenecho chimatsegula khomo tikamakapempha thandizo la filimu yotsatira. Zanzibar akatikana, tidzayesa ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Durban.

Tikumane Loweruka 2 koloko masana ku Luwinga, pamalo pathu paja. Achimwene a maikolofoni mubwere ndi mawu atsopano aja, achemwali omasulira mubwere ndi SRT, ndipo aliyense atenge fulashi kuti filimuyi isungidwe malo atatu osiyana. Amene wamva uthengawu ayankhe kuti ndidziwe.