Latué: mtengo wa ku Chile umene sing'anga ndi mfiti amakanganirana

[Chithunzi: nkhalango yonyowa, nkhungu ikuyenda m'mapiri]

Moni nonse amene mukutionera. Lero tiyeni tipite kummwera kwa dziko la Chile, m'mapiri a m'mbali mwa nyanja ya Pacific, pakati pa mzinda wa Valdivia ndi chilumba cha Chiloé. Kuno nkhalango ndi yozizira, ndipo m'mapirimu mvula imapitirira mamilimita 2,000 pachaka. M'mphepete mwa nkhalangoyi mumamera kamtengo kaminga komwe kulibe kwina kulikonse kumene kamamera kokha. Eni dera amati latué. Akatswiri a zomera amati Latua pubiflora.

[Chithunzi: maluwa ali lende pa nthambi]

Taonani maluwa akewo. Ofiirira, aubweya, olendewera ngati timabelu. Timbalame tating'ono toyamwa timadzi ta m'maluwa timawakonda kwambiri. Chipatso chake n'chobulungira, chachikasu chobiriwirako, ndipo ukachiona msangamsanga ungati ndi kaphwetekere. Simunalakwitse kwenikweni, chifukwa latué ndi wa banja limodzi ndi phwetekere, mbatatesi, fodya ndi nthula. Koma m'bale ameneyu si woika mumphika.

Anthu a Chisipanishi anautcha palo de los brujos, kutanthauza mtengo wa afiti. M'chinenero cha Amapuche, chotchedwa Mapudungun, dzina loti latué amalilumikiza ndi mawu oti lan, kufa. Ndiye dzina lokhalo lakuchenjezani kale.

[Chithunzi: machi akuimba ng'oma]

Amapuche ndi eni nthaka a dera limeneli. M'chinenero chawo, mawu oti mapu amatanthauza dziko, che ndi anthu. A kummwera, kumene latué amamera, amatchedwa Ahuilliche. Sing'anga wawo amatchedwa machi, ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi. Machi amakhala ndi ng'oma yake yotchedwa kultrun, komanso mtengo wosemedwa makwerero wotchedwa rewe umene umaima panja pa nyumba yake. Pa mwambo wochiza wotchedwa machitun, iye amafufuza chimene chadwalitsa munthu ndi kuchithamangitsa. Amachi ena a Chihuilliche ankagwiritsa ntchito latué kuti alowe m'masomphenya, kapena pochotsa mizimu yoipa mwa wodwala.

Koma Amapuche amadziwanso munthu wina, kalku, amene ntchito yake ndi kuvulaza. Mbiri ya m'derali imati kalku ankatha kupengetsa munthu ndi mtengo womwewu, pomuthirira mu chakumwa. Khungwa lake ndi lomwelo, masamba ndi omwewo. Chosiyana ndi dzanja limene lautenga, ndi kuchuluka kwake. N'chifukwa chake nzeru za latué sizinkauzidwa wamba aliyense, ndipo ofufuza amene anapita kukafunsa anapeza anthu ambiri akuopa ngakhale kuutchula.

[Chithunzi: zojambula zakale za chomerachi]

Pali nkhani imodzi yakale imene ndimaikonda, ngakhale ndi yomvetsa chisoni. Katswiri wa ku Germany, Rodolfo Amando Philippi, yemwe anakhazikika ku Chile, ndi amene anapereka dzina loti Latua mu 1858. Iye analemba za munthu wina wodula mitengo amene anadzipweteka ndi nkhwangwa. Munthuyo analowa m'tchire kukasenda khungwa la mtengo wotchedwa tayu, umene anthu amamwa akavulala. Tayu nayenso ndi waminga, ndipo awiriwa amafanana. Anasenda latué. Atangomwa, mutu unasokonekera, n'kuthawira m'mapiri. Anam'peza patapita masiku atatu ali chikomokere, ndipo mutu unamupweteka kwa miyezi.

[Chithunzi: chojambula cha ubongo ndi mitsempha]

Nanga m'thupi mumachitika chiyani? Mu 1971, katswiri wa zomera Timothy Plowman ndi anzake awiri anasindikiza ku yunivesite ya Harvard zimene anapeza pa mtengowu. Muli mankhwala amphamvu otchedwa hyoscyamine, amene ndi pachibale ndi mankhwala a kuchipatala otchedwa atropine, komanso scopolamine. Mankhwalawa amatsekereza acetylcholine, yomwe mitsempha imagwiritsa ntchito potumizirana uthenga. Uthengawo ukatsekeka, m'kamwa mumauma gwaa, thukuta limaleka, thupi limatentha, mboni za maso zimakula, mtima umathamanga.

Tsono apa mvetserani. Ena akamva za chomera choonetsa masomphenya amaganiza za mitundu yokongola ndi chisangalalo. Latué sachita zimenezo. Munthu amabwebweta, amalankhula ndi anthu amene palibe, amatola zinthu zosaoneka, ndipo sadziwa n'komwe kuti zimene akuonazo si zenizeni. Akatsitsimuka sakumbukira zambiri. Ena amakomoka, ena amafa. Choopsa china n'chakuti mphamvu ya mankhwalawa imasiyana mtengo ndi mtengo, tsamba ndi khungwa, nyengo ndi nyengo. Palibe supuni imene ingakuyezereni mlingo wabwino.

Izi sizili kutali ndi ife monga mmene mapu akuonetsera. Kathengo kaja ka maluwa oyera onga lipenga ndi zipatso zaminga, kamene kamamera kudzala ndi m'mbali mwa makola, kotchedwa Datura, kali ndi mankhwala omwewa. Amapuche nawo amakadziwa, amati miyaya. Ana asamaseweretse njere zake.

[Chithunzi: kabotolo ka jakisoni kuchipatala]

Chodabwitsa n'chakuti atropine yemweyo amapulumutsa miyoyo. Munthu akamwa tameki kapena mankhwala ena ophera tizilombo ta m'munda, adokotala amamubaya atropine. Amathiranso m'maso pofuna kuona mkati mwa diso. Kusiyana kwake n'kwakuti wa kuchipatala anayezedwa mpaka kadontho.

Ahuilliche ali ndi zawo zimene amapatsa munthu wodya latué, monga chomera chotchedwa hierba mora, cha mtundu wa mnadzi wathu uja. Madokotala akakumana ndi poizoni wa mtundu umenewu ali ndi mankhwala otchedwa physostigmine, amene poyamba anachokera ku nyemba ya Calabar, ku Nigeria. Nyemba imeneyo anthu a kumeneko ankamwetsa oganiziridwa ufiti, monga mmene makolo athu ankachitira ndi mwavi. Vidiyo yotsatira tidzakamba za nyembayo.