Dola ikakwera mawa, sinthani bokosi limodzi lokha mu Excel

Moni nonse otionera. Kumapeto kwa 2008, mitengo ku Zimbabwe inkawirikiza kawiri pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mu 2009 dzikolo lidaika pambali ndalama yake n'kuyamba kugwiritsa ntchito dola ya America. Ecuador idachita zomwezo mu 2000, El Salvador mu 2001. Mitengo imakhazikika ndithu, koma banki yaikulu singasindikizenso ndalama, ndipo za chiwongoladzanja zimachokera ku Washington.

Ife tidakali pa kwacha. Komabe mayi wokaoda katundu ku Dar es Salaam kapena bambo wogulitsa zida za galimoto ku Malangalanga amawerengera m'madola. Mu November 2023, Reserve Bank of Malawi itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, mitengo yonse m'kope idayenera kulembedwanso. Mu Excel, pulogalamu ya pakompyuta yowerengera masamu, ntchito imeneyi ndi ya mphindi imodzi.

Taonani pa sikirinipa. Mu C1, bokosi la pa kolamu C mzere 1, ndalembamo mtengo wa dola imodzi, tingoyerekeza K1,750. Mitengo ya katundu m'madola yayambira pa B4 kutsika. Mu C4 ndikulemba =B4*C1. Yankho labwera bwinobwino. Tsopano ndikokere pansi. Mwaona? Mzere wachiwiri wapereka ziro, wachitatu #VALUE!, wachinayi nambala yaikulu yopanda mutu. Excel yasuntha zonse: C1 yasanduka C2, kenako C3 pomwe pali mawu, kenako C4.

Bwererani mu C4, dinani pa C1 m'kati mwa fomulayo, mukanikize batani la F4. Tsopano yalembedwa $C$1. Chizindikiro cha $ pano sichikunena za ndalama ayi, chikumangirira bokosilo kuti lisasunthe. Kokeraninso pansi, mizere yonse ikuyang'ana pa C1.

Ena mumagula dola kubanki, ena kwinakwake, sitikufunsani. Ikani mtengo wachiwiriwo mu D1, ndipo mu C4 mulembe =$B4*C$1. Apa $B yagwira kolamu ya mitengo, $1 yagwira mzere wapamwamba. Kokerani pansi ndi kumanja, mitengo iwiri ituluka moyandikana.

Chomwe sindigwirizana nacho ndi kulemba 1750 m'kati mwa fomula iliyonse. Dola ikasintha mudzasakasaka mzere ndi mzere, umodzi n'kutsalira, katundu n'kugulitsidwa pa mtengo wakale. Yesani panopa: sinthani C1 ikhale 2,000 muone mitengo yonse ikusintha nthawi imodzi.