Dancing Queen inandiliza ku Stratford

Moni nonse abale anga, kaya muli pa naiti kaya muli m'basi kuweruka, ndabweranso. Mawu asasa, mundikhululukire, dzulo ndakuwa ngati ndili ku chinkhoswe. Ndinali ku ABBA Voyage, shoo ya nyimbo za gulu loimba la ABBA, ku Stratford kuno ku London ndipo mpaka pano mtima sunakhale pansi, ndiye ndati ndingoyatsa foni ndilankhule basi.

Tikitiyo anandigulira mnzanga amene timagwira naye ntchito yosamalira agogo, akuti achemwali sabata ino mwalira mokwana tiyeni mukaone zina. Nanga si Lachitatu payslip yabwera, maola asanu ndi anayi kulibe. Ndafunsa abwana akuti nthawi yoyenda kuchoka nyumba ina kupita ina sitiwerengera. Ine ndayenda mvula ikundimenya, ndasambitsa anthu, ndawadyetsa, wina ndamugwira dzanja akulira kufuna mwana wake, ndiye wina ali pa mpando wofunda akungodula ndi cholembera. Amadziwa kuti visa yathu ili m'manja mwawo nchifukwa amatero. Anzanga lembani maola anu m'kabuku tsiku ndi tsiku, nthawi yolowa nthawi yotuluka, jambulani rota isanasinthidwe, ndipo musamaope kufunsa, kufunsa si mwano. Sitinabwere kudzapempha kuno ife, ntchito timaigwira ndi manja athuwa ndipo timaitha kuposa ambiri.

Iii ndasochera. Tinatsika sitima ya DLR pa siteshoni ya Pudding Mill Lane, holo yake ili pompo, anaimangira shoo imeneyi basi ndipo imalowa anthu 3,000. Azimayi achikulire atavala zonyezimira, mabuluku otambalala kumiyendo aja, ena tsitsi la imvi koma akuthamanga ngati atsikana. Mafoni saloleza kujambula, ndiye musandifunse vidiyo.

Nkhani ndi iyi, anthu anayi a gulu la ABBA aja, Agnetha, Frida, Benny ndi Björn, sakhalapo pa steji. Ndi zithunzi za kompyuta. Eni akewo ndi okalamba tsopano, anawaveka zovala za mawaya nkuwajambula akuimba ndi kuvina kwa masabata asanu, kenako akatswiri anawabweza ku unyamata wa zaka za m'ma 1970. Koma bandi ndi ya anthu enieni khumi, ng'oma ukuimva pachifuwa. Shooyi inayamba mu May 2022 ndipo anthu akudzazabe. Ine ndimati ndikaona zidole, koma atatulukira ndinagwira mnzanga pamkono, tsitsi likugwedezeka, maso akuphethira, munthu weniweni.

Ndiye chakumapeto piyano ija inangoti tsetsereee, Dancing Queen. Abale. Nyimbo ya 1976, ine ndisanabadwe nkomwe, yochokera ku Sweden, koma ine inandiponya ku Ndirande. Bambo anga anali ndi kaseti yake, Khirisimasi ikafika amatulutsa wailesi pakhonde, mabatire tawayanika padzuwa kuti apeze mphamvu, mpunga wa nkhuku uli pamoto, Fanta mmodzi mmodzi. Tepi ikatafunidwa ndine ndinkaibweza ndi bolopeni. Mayi ankavina atamanga chitenje m'chiuno, Chingerezi chake osachimva koma mawu onse akuwatsatira. Onse awiri anatisiya, maliro a mayi ndinaonera pa foni.

Ndinavina abale, ndinavina chiMalawi, chiuno chonse, mpaka mayi wina wachizungu pambali panga anayamba kunditsanzira tikuseka. Koma misozi ikutsika. Chifukwa ndikuyang'ana anthu oti ukuwaona, ukuwamva, koma sungawagwire, ndinakumbukira ana anga awiri. Kwa iwo ine ndi chimodzimodzi, mayi wa pa WhatsApp, amaoneka Lamlungu madzulo netiweki ikalola, amaseka, amafunsa za sukulu, kenako sikirini yazima. Wamng'onoyo tsiku lina anapsompsona foni. Ndipo mukudziwa kuyambira March 2024 obwera pa ntchito yathuyi saloledwanso kubweretsa banja, ndiye tilipo ambiri amene tikulera ana pa vidiyo.

Potuluka kunja kukuzizira, anthu akuimbabe mpaka pa siteshoni. Ndinatumiza voisi kwa mwana wanga wamkazi ndikumuimbira kolasi ija, m'mawa uno wayankha akuti amayi nyimbo ya agogo imeneyo, azakhali amaiyika pa foni. Sindinadziwe kuti amaidziwa.

Mawa ndili pa shifiti ya 7 koloko, ndipo kabuku kanga ka maola ndikupita nako ku ofesi. Ndidzakuuzani mmene zithere. Tsalani bwino.